Hermann von Helmholtz, dotolo amene anayeza liwiro la uthenga m'thupi

Munthu akaponda khala la moto, phazi limachokapo asanaganize n'komwe. Kwa zaka zambiri akatswiri ankakhulupirira kuti uthenga woyenda m'mitsempha yochokera ku ubongo ndi msana umathamanga kwambiri moti sungayezedwe. Ngakhale Johannes Müller, mphunzitsi wotchuka wa ku Berlin, ankaganiza choncho. Amene anatsutsa zimenezi anali wophunzira wake yemwe, Hermann von Helmholtz.

Helmholtz anabadwa pa 31 Ogasiti 1821 ku Potsdam, m'dziko lomwe lero ndi Germany. Mtima wake unali pa fizikisi, koma bambo ake, omwe anali mphunzitsi, analibe ndalama zokwanira. Anaphunzira udotolo mothandizidwa ndi boma, pa mgwirizano woti akatumikire asilikali.

Mu 1849 anakhala pulofesa ku Königsberg ndipo anakwatira Olga von Velten, amene ankamuthandiza pa kafukufuku wake. Ankatenga mwendo wa chule n'kulowetsa magetsi ochepa mumtsempha, koyamba pafupi ndi mnofu, kenako chapatali, n'kuona kusiyana kwa nthawi imene mnofuwo ukutenga kuti udzuke. Mu 1850 analengeza kuti uthengawo umayenda mamita pafupifupi 30 pa sekondi.

Chomwe chinamusautsa kwambiri n'chakuti akabwereza muyezo, manambala sankafanana. Wina akanangosankha manambala omukomera. Iye anafufuza chifukwa chake, ndipo anapeza kuti mtsempha ukazizira, uthenga umachedwa.

Atasamukira ku Heidelberg anayeza anthu pamodzi ndi Nikolai Baxt wa ku Russia. Ankamanga mkono wa munthu m'chikhakha kuti usagwedezeke, n'kumayang'ana mnofu wa chala chachikulu. Nakonso kuzizira kunawasokoneza: mkono womwewo unkapereka liwiro lina utafunda, lina utazizira.

Phunziro limeneli likugwirabe ntchito. Dotolo woyeza mitsempha ya wodwala matenda a shuga amene miyendo ikuchita dzanzi amayamba wafunditsa phazi ngati lazizira, amayeza mtunda ndi tepi mosamala, ndipo wodwalayo akabweranso amaika mawaya pamalo omwe aja. Akapanda kutero, akhoza kuuza munthu kuti matenda akula pomwe vuto linali chisanu cha m'mawa.

Helmholtz anapanganso chipangizo chounikira mkati mwa diso. Mu 1871 anakhala pulofesa wa fizikisi ku Berlin, ntchito imene ankailakalaka ali mnyamata. Anamwalira pa 8 Seputembala 1894.