Arthur Lewis: adawatsekera khomo, iwo nkutsekulira anzawo

Ine ndidachoka ku yunivesite ndili m'chaka chachiwiri. Sikuti ndidalakwa mayeso ayi, koma bambo atatisiya ndalama za fizi zidasowa, basi ndidalongedza katundu nkubwerera kumudzi. Nchifukwa chake mbiri ya malemu Arthur Lewis imandikhudza, ngakhale kwawo nkutali, ku St Lucia, kachilumba ka ku Caribbean.

Mkuluyu adabadwa pa 23 January 1915 mumzinda wa Castries. Makolo ake onse awiri adali aphunzitsi. Bambo adamwalira iye ali ndi zaka 7, ndipo mayi adatsala okha ndi ana aamuna asanu. Mwanayo adali ndi mutu wakuthwa moti adatsiriza sukulu ali ndi zaka 14, nkuyamba ukalaliki m'boma podikira kuti msinkhu ukwane wolembera mayeso opitira ku Britain. Mayesowo adakhoza mu 1932.

Tsono tamvani. Chimene mtima wake udafuna ndi uinjiniya. Koma masiku amenewo boma la atsamunda ngakhale makampani a azungu sakadalemba ntchito injiniya wachikuda. Khomo limenelo lidali lotseka. Adangosankha za malonda ku London School of Economics, asakudziwa nkomwe kuti maphunziro a zachuma nchiyani. Pofika 1948, ali ndi zaka 33, a Lewis adali pulofesa ku Manchester.

Funso limene lidawasowetsa tulo ndi lomwe tonsefe timadzifunsa: bwanji munthu wolima khofi kapena nzimbe amakhalabe wausiwa pamene wopanga zitsulo akulemera? Yankho adalilemba mu 1954. Ati m'maiko osauka midzi idadzaza ndi anthu osowa chochita, ndiye bwana wa esiteti kapena mgodi alibe chifukwa chokwezera malipiro, poti wina akanyanyala, pageti pali khumi akudikira. Malipiro adzakwera pokhapokha ntchito zitachuluka mpaka anthu odikirawo atatha, komanso mlimi wa chakudya atayamba kukolola zambiri pamunda wake womwewo.

Kodi ife izi nzachilendo? Funsani agogo amene adapita ku Joni pa Wenela, kapena amene adathyola tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Adzakuuzani okha.

Dziko la Ghana litalandira ufulu mu 1957, a Kwame Nkrumah adawaitana kuti akhale mlangizi wa zachuma. Ubale sudakhalitse. A Lewis adaona ndalama za alimi a koko zikuthera pa zinthu zongofuna kutchuka nazo, adalangiza, sadamvedwe, ndipo kumapeto kwa 1958 adachoka. Alangizi angati masiku ano amene angasiye galimoto ndi nyumba yaboma chifukwa bwana sakumva?

Koma gawo limene ine ndimalikonda lidayamba mu 1959, pamene adabwerera kwawo kukakhala mkulu wa University College of the West Indies ku Mona, m'dziko la Jamaica. Koleji imeneyi idatsegulidwa mu 1948 ndi ophunzira 33 a zaudokotala, ndipo madigiri ake ankachokera ku London. A Lewis adapeza ophunzira osakwana nkomwe 1,000, pamene ndalama zoyendetsera sukuluyo zinkachokera ku misonkho ya anthu a zilumba zambirimbiri.

Monga katswiri wowerengera ndalama, adaona kuti apa masamu sakutheka. Wodula nzimbe akhome msonkho kuti ana owerengeka aziphunzira mofewa ngati ali ku Oxford, wake yemwe ali panja? Adalimbikira kuti ophunzira achuluke, kuti mtengo wophunzitsira mwana mmodzi utsike, ndiponso kuti maphunziro afike kuzilumba zina.

M'nthawi yawo koleji ya zaulimi ya ku St Augustine, ku Trinidad, idalowa m'gululi mu 1960, ndipo chaka chotsatira komweko kudatsegulidwa nthambi ya uinjiniya. Taganizani, abale: mnyamata uja adakanizidwa uinjiniya chifukwa cha khungu ndi amene adali pampando pamene ana achikuda amayamba kuphunzira uinjiniya kwawo konko. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mu 1962 kolejiyo idakhala yunivesite yoima payokha, a Lewis nkukhala Vice Chancellor wake woyamba. Chaka chomwecho chitaganya cha zilumbazo, chimene iwo ankachifunira zabwino, chidasweka. Andale adagawana mbendera, koma yunivesite idatsala ya onse, ndipo ikadalipo mpaka lero.

Mu 1963 adapita kukaphunzitsa ku Princeton, ku America. Mu 1965 adatulutsa buku lodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi kumadzulo kwa Africa, chaka chimodzi ife tisanalowe m'khola lomwelo. Mu 1970 adakhala pulezidenti woyamba wa Caribbean Development Bank, ndipo mu 1979 adalandira mphotho ya Nobel ya zachuma pamodzi ndi a Theodore Schultz. Adamwalira ku Barbados pa 15 June 1991, nkuikidwa kwawo ku St Lucia, pabwalo la koleji imene imatchedwa dzina lawo.

Sindikuti adali mngelo. Alipo amene adawadzudzula kuti adadalira kwambiri makampani akunja kuti ndiwo abweretse mafakitale, ndipo m'maiko ambiri anthu adachokadi kumudzi koma ntchito m'tauni osazipeza. Nkhani imeneyo akatswiri akukanganabe.

Changa ndi ichi. Munthu wovutika akaphunzira amatha kuchita ziwiri: kulowa nkukhoma chitseko, kapena kuchisiya chotsegula. Chaka ndi chaka kuno ana amakhoza bwino Fomu 4 koma malo osapezeka, ena ngati ine amalowa nkutulukira pazenera chifukwa cha fizi. Inu akuluakulu amene mumayendetsa sukulu zaukachenjede, ambiri mwa inu mudaphunzira ndi msonkho wa mlimi wa fodya. Kodi mwana wa mlimiyo mwamusungira mpando?