Papwa Sewgolum, katswiri wa gofu yemwe analandirira chikho pamvula

Kuno ku Limbuli gofu timamudziwa ngati masewera a mabwana a m'maesiteti a tiyi, ndipo mwana wa mmphawi amangowanyamulira chikwama cha ndodo. Sewsunker Sewgolum, wodziwika ndi dzina loti Papwa, anayambiranso pomwepo.

Anabadwira ku Durban, ku South Africa, m'banja losauka la Amwenye omwe makolo awo anabwera kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe. Bambo ake anamwalira iye akadali mwana ndipo mayi ake anali osaona. Kuti pakhomo papezeke chakudya, ankanyamula zikwama pabwalo la gofu la Beachwood. Kusewera anadziphunzitsa yekha, ndipo ndodo ankaigwira mosemphanitsa manja, lamanzere pansi, lamanja pamwamba.

Mzungu wina wamalonda, Graham Wulff, ataona luso lake anamutengera ku Ulaya, komwe anapambana mpikisano wa Dutch Open mu 1959, 1960 ndi 1964. Kwawo anapambana Natal Open mu 1963, kenako mu 1965 pomwe anagonjetsa Gary Player. Koma malamulo a tsankho sankalola wosakhala mzungu kulowa m'nyumba ya kalabu. Papwa analandirira chikho panja mvula ikumuvumba. Chithunzi chake chinafika kutali, ndipo chinalimbikitsa anthu omwe ankafuna kuti mayiko anyanyale kusewera ndi South Africa.

Boma linamubwezera pomuletsa kupikisana ndi azungu ndi kumulanda pasipoti. Anamwalira ali wosauka mu 1978, asanakwanitse zaka 50. Mendulo ya ulemu ya Order of Ikhamanga inabwera mu 2004, mwini wake atagona kale.

Papwa anali Mhindu, koma kupondereza munthu n'koipa, kaya woponderezedwayo ndi wachipembedzo chanji. Pa ulaliki wake wotsanzikana, Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) anatiphunzitsa kuti khungu silikweza munthu pamwamba pa mnzake; chomukweza ndi kuopa Allah. Bilal, yemwe anali kapolo, ndiye anakhala woyamba kuitanira anthu ku swala.

Lero pakhomo la sukulu palibe chikwangwani choletsa mtundu, koma umphawi ukubwezabe ana. Mwana wanzeru akasowa fizi n'kuyamba kugulitsa nthochi pamsika wa Limbuli, timakhala tamusiya pamvula ife tili m'nyumba. Makolo ndi a komiti ya mzikiti, tiwadziwe ana oterewa ndi mayina awo, ndipo pogawa zakaat ndi sadaka chaka chino tiwakumbukire teremu isanayambe.