Aina Onabolu, kalaliki amene anadziphunzitsa yekha kujambula

Ulendo uno takutengerani mbiri ya munthu wa kutali, ku Nigeria, koma vuto lomwe analimbana nalo tili nalo pakhomo. M'sukulu zambiri za kuno kwathu, kuchokera ku Mpingu mpaka ku Nambuma, mwana wokonda kujambula pamanja alibe mphunzitsi wa lusolo. Amajambula m'masamba a kumapeto kwa kope la masamu, ndipo nkhope ikakana kufanana ndi mwini wake, palibe womuuza pomwe palakwika. Ambiri amasiyira pomwepo.

Aina Onabolu anabadwa pa 13 Sepitembala 1882 m'tauni ya Ijebu-Ode, m'dera la Ayoruba, kumpoto chakum'mawa kwa mzinda wa Lagos. Ali ndi zaka pafupifupi 10, mu 1892, asilikali a Britain anagonjetsa ufumu wa Ijebu. Apa n'kuti patangopita chaka chimodzi dziko lathu lino litalowa m'manja mwa atsamunda omwewo. Sukulu za mishoni zinafalikira, ndipo pamodzi nazo panabwera mabuku, nyuzipepala ndi magazini okhala ndi zithunzi zosindikizidwa ku Ulaya. Zithunzi zimenezi ndizo zinakhala aphunzitsi a mnyamatayu. Ankaziika patsogolo pake n'kumazikopera, chimodzi pambuyo pa chinzake, kufikira dzanja linazolowera kutsata zomwe diso likuona.

Atapita ku Lagos kukapitiriza maphunziro, kenako n'kuyamba ntchito ya ukalaliki m'boma la atsamunda, sanasiye. Masana ankalemba za ofesi, akaweruka ankajambula. Panthawiyo kunalibe sukulu ya zojambula m'dzikomo, ndipo azungu ambiri oyendetsa maphunziro ankakhulupirira kuti munthu wakuda angathe kusema ndi kuluka basi, koma sangajambule nkhope yofanana ndendende ndi mwini wake. M'sukulu ankangolimbikitsa ntchito zamanja. A Onabolu maganizo amenewa ankawamva ngati chipongwe, ndipo anawayankha ndi bulashi. Mu 1906, ali ndi zaka pafupifupi 24, anajambula ndi utoto wosungunula m'madzi chithunzi cha Mayi Spencer Savage, chimene mpaka lero chimatchulidwa pakati pa zithunzi zoyambirira za mtundu umenewu zojambulidwa ndi Mnaijeriya. Pambuyo pake anthu odziwika a mu Lagos, madokotala, maloya ndi atsogoleri a mipingo, anayamba kukhala pansi kuti awajambule. Mmodzi mwa iwo anali dokotala Oguntola Sapara.

Apa tiimepo pang'ono, chifukwa kuchoka pa kukopera chithunzi kufika pojambula munthu wamoyo ndi mtunda wautali kuposa momwe ambiri amaganizira. Chithunzi cha m'magazini n'chophwatalala kale. Wina anaganiza kale pomwe mphuno iyambire ndi pomwe mthunzi ugwere, wokopera amangotsatira. Munthu wokhala pa mpando ali ndi kutsogolo ndi kumbuyo, amaphethira, amatopa n'kupendeketsa mutu. Wojambula amayenera kuyeza yekha. N'chifukwa chake mumaona ojambula atatambasula mkono, pensulo ili m'manja, diso limodzi atatsinzina: akuyeza kutalika kwa mutu kuti aone kuti ukulowa kangati m'thupi lonse. Mwa munthu wamkulu mutu umalowa pafupifupi kasanu ndi kawiri ndi theka, pomwe mwa mwana umalowa kochepa, chifukwa mutu wa mwana ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake. Chinanso chomwe chimadabwitsa oyamba kumene n'chakuti maso ali pakatikati pa mutu, osati chakumtunda. Pafupifupi aliyense wodziphunzitsa yekha amawakweza kwambiri, chipumi n'kuchepa, nkhope n'kuoneka yachilendo, iye osadziwa chifukwa chake. Zoterezi mphunzitsi amazinena m'mphindi imodzi. Wopanda mphunzitsi zimamutengera zaka.

A Onabolu anazipeza okha m'zaka zimenezo, ndipo sanafune kuti ana obwera pambuyo pawo avutike chimodzimodzi. Anayamba kupempha akuluakulu a zamaphunziro kuti kujambula kukhale phunziro m'sukulu, uku akuyendera sukulu zina za mu Lagos kukaphunzitsa ana. Chopinga chinali chakuti analibe pepala lochitira umboni luso lawo. Mu 1920 anachita chionetsero cha zithunzi zawo ku Lagos, natulutsanso kabuku kotchedwa A Short Discourse on Art. Chaka chomwecho, ali ndi zaka pafupifupi 38, anakwera sitima ya pamadzi kupita ku London kukaphunzira pa St John's Wood Art School, kenako anapita ku Académie Julian mu mzinda wa Paris. Anabwerera kwawo mu 1922 ali ndi dipuloma m'manja. Ife tikuona kuti chomwe anakatenga ku Ulaya sichinali luso lojambula nkhope, poti analinalo kale. Anakatenga pepala lotsegulira zitseko za sukulu, komanso malamulo a zinthu zomwe kale ankazichita mongopapasa.

Lalikulu mwa malamulo amenewo ndi lomwe pa Chingerezi amati perspective, njira yoonetsera pa pepala lophwatalala kuti ichi chili pafupi, icho chili patali. Ankaliphunzitsa mosatopa m'sukulu monga King's College ndi CMS Grammar School, mpaka ophunzira anawapatsa dzina loti Mr Perspective.

Phunziroli silifuna zida. Kaimeni m'mbali mwa msewu wa Lilongwe-Mchinji, pomwe wawongoka pakati pa Mpingu ndi Namitete, n'kuyang'ana kutsogolo. Mbali ziwiri za phula sizikumana, koma diso limaziona zikuyandikana mpaka kukagundana pa kadontho kamodzi. Kadonthoko kamakhala pa mzere womwe uli pa msinkhu wa maso anu. Mukagwada mzerewo umatsika, mukakwera pa ngolo umakwera. Mapolo a magetsi ndi ofanana kutalika, koma lomwe lili pa mtunda wowirikiza kawiri kuchokera pomwe mwaima limaoneka theka la linzake. Chimodzimodzi mizati ya chigafa cha fodya ku Nsaru kapena ku Kabudula: denga lake limaoneka ngati likutsika, pansi pake ngati pakukwera. Ndipo nachi chomwe chimakonza zithunzi za gulu la anthu. Ngati mwaimirira pamalo a see, anthu a msinkhu wanu omwe aimirira pafupi ndi patali mitu yawo imakhala pa mzere umodzi, ndi mapazi okha omwe amanka nakwera pa pepala. Ojambula oyamba kumene amachita zosiyana, n'chifukwa chake msika wawo umaoneka ngati anthu akuyandama.

Malamulowa anakhazikitsidwa ku Florence, m'dziko la Italy, ndi mmisiri wa zomangamanga Filippo Brunelleschi, ndipo Leon Battista Alberti anawalemba m'buku mu 1435. Koma maziko ake ndi akale kuposa apo. Ibn al-Haytham, amene anabadwira ku Basra cha m'ma 965 n'kukagwira ntchito ku Cairo, ndiye anaonetsa poyesa kuti timaona chifukwa kuwala kumachokera pa zinthu kudzalowa m'diso, kukuyenda m'mizere yowongoka. Buku lake, Kitab al-Manazir, linamasuliridwa m'Chilatini ndipo amisiri a ku Italy analiwerenga. Tikudziwa kuti m'mabanja athu ena kujambula nkhope za anthu ndi nyama sakulola, ndipo nkhani imeneyo tikuisiya m'manja mwa makolo ndi masheikh athu. Perspective payokha ndi masamu a diso. Mwana angathe kuiphunzira yonse pojambula mzikiti, makalasi, mipando ndi misewu, ndipo yemwe akulingalira zodzaphunzira ukalipentala kapena zomangamanga pa sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete adzaifuna ndithu.

Ophunzira a Onabolu atachuluka, munthu mmodzi sakanatha kuyenda sukulu zonse. Anakakamiza boma kuti libweretse aphunzitsi ena, ndipo mu 1927 kunafika Mngelezi Kenneth Murray. Chodabwitsa n'chakuti awiriwa sanaone zinthu mofanana. Mnaijeriya ankafuna ana aphunzire kujambula monga amachitira m'sukulu za ku Ulaya, pomwe mzungu ankawalimbikitsa kutenga nkhani ndi maonekedwe a kumudzi kwawo. Mmodzi mwa ophunzira a Murray anali Ben Enwonwu, amene pambuyo pake anatchuka kunja konse. Mu 1958 achinyamata ena pa koleji ya ku Zaria, kuphatikizapo Uche Okeke, anakhazikitsa gulu lofuna kuphatikiza luso la kusukulu ndi zojambula za makolo awo.

Pa mkangano umenewu sitingaime mbali imodzi yokha. A Onabolu anapeputsa zosema ndi zojambula za makolo awo, poganiza kuti nthawi yake inatha, ndipo pamenepo sitikugwirizana nawo. Amene anafikapo ku mapanga a Chongoni ku Dedza, omwe bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, akudziwa kuti chithunzi chingakhale ndi mphamvu popanda kadontho kokumanirapo mizere. Komabe achinyamata a ku Zaria anatha kusankha chotenga ndi chosiya chifukwa anali atadutsa m'makalasi a zojambula, ndipo makalasi amenewo anawamenyera nkhondo ndi kalaliki wa ku Ijebu-Ode uja.

A Onabolu anapitiriza kuphunzitsa ndi kujambula mpaka ukalamba, ndipo anaona dziko lawo likulandira ufulu pa 1 Okutobala 1960. Anamwalira ku Lagos mu Febuluwale 1963, ali ndi zaka 80. Pa bwalo la National Theatre mu mzindawo pali nyumba ya zojambula yomwe imadziwika ndi dzina lawo.