Domenico Savio Woyera, Mnyamata Amene Adaletsa Ndeu

Alipo makolo ambiri amene amaona mwana wao akubwera ku sukulu ali ndwii, malaya atang'ambika, ndipo m'mawa mwake akana kupitanso nanamizira mutu. Mukafunsitsa, mupeza kuti alipo anzake aakulu misinkhu amene amam'menya panjira, kumlanda kamba wake, kapena kumseka chifukwa cha umphawi wa kwao. Nkhanza zotere si zachilendo pansi pano. Lero tikambe za mnyamata wina wa sukulu amene adaziona ndi maso ake, nakana kungoima chete. Dzina lake ndiye Domenico Savio.

Domenico adabadwa pa 2 Epulo 1842 ku Riva, pafupi ndi Chieri, m'dziko la Italy. Atate ake, a Carlo, adali mmisiri wosula zitsulo, ndipo amai ake, a Brigida, adali osoka zovala. Adali anthu osauka, koma oopa Mulungu. Mwanayo adali wochepa thupi ndi wodwaladwala. Adayamba kutumikira pa Misa akali wamng'ono, ndipo mu 1849, ali ndi zaka 7 zokha, adaloledwa kulandira Ukaristia koyamba, pamene masiku amenewo ana ankadikira kufikira atakula ndithu. Tsiku lomwelo adatsimikiza mumtima kuti kuli bwino kufa kusiyana ndi kuchimwa. Ali ndi zaka 10 ankayenda ulendo wautali wapansi tsiku ndi tsiku kupita ku sukulu ya ku Castelnuovo, padzuwa ndi pamvula pomwe.

Pambuyo pake makolo ake adasamukira ku Mondonio, ndipo kumeneko kudachitika chinthu chimene chidaonetsa mtima wake. Nthawi yachisanu anyamata ena adathira zinyalala ndi madzi oundana m'mbaula yotenthetsa m'kalasi, ndipo poopa chilango adamnamizira Domenico. Mphunzitsi, wansembe dzina lake Cugliero, adamdzudzula koopsa pamaso pa onse, iye osayankha kanthu. M'mawa mwake zoona zidaululika. Mphunzitsi atamfunsa chifukwa chake sadadzikanire, mwanayo adafotokoza kuti mnzake wolakwayo adali kale ndi milandu ina, kotero akadachotsedwa sukulu, pamene iye ankayembekeza kukhululukidwa poti nkoyamba. Ndiponso adakumbukira Ambuye Yezu amene adanamiziridwa. Tisamve molakwa pamenepa. Domenico adakhala chete kuti apulumutse mnzake, sikuti adachita mantha ai. Mwana wozunzidwa asauzidwe kuti kubisa ndiko kuyera mtima. Nayenso mphunzitsi uja adatolapo phunziro lake, lakuti mlandu sagamula asanamve mbali zonse.

Cugliero yemweyo ndiye adamtchula mwanayu kwa wansembe wina wa ku Turin, Giovanni Bosco, amene anthu amamdziwa ndi dzina lakuti Don Bosco. Wansembeyu ankasonkhanitsa anyamata osauka a mumzindamo pamalo otchedwa Valdocco, nawapatsa pogona, chakudya, maphunziro ndi ntchito zamanja. Iye mwini, ali ndi zaka 9, adalota ali pakati pa ana otukwana, nayamba kuwamenya ndi nkhonya kuti aleke. Koma Munthu wina waulemerero adamletsa, namuuza kuti adzawakopa ndi kufatsa ndi chikondi, osati ndi nkhonya. Loto limeneli lidamtsogolera moyo wake wonse. Awiriwa adakumana mu Okutobala 1854, ndipo mwezi womwewo Domenico adapita kukakhala ku Valdocco.

Pokhala kumeneko ankapita kukaphunzira Chilatini ku sukulu ina ya mumzinda. Tsiku lina anzake awiri a sukuluyo, aakulu ndi amphamvu koposa iye, adayambana. Chiyambi chake chidali mau: wina adanyoza banja la mnzake, mnzakeyo nabwezera. Mkwiyo udakula kufikira adapangana kuti akathane ndi miyala. Domenico atamva, sadanene kuti za eni sizindikhudza. Adayamba walankhula nao mmodzimmodzi, koma sadamve. Adawalembera makalata, osaphula kanthu. Adawachenjeza kuti akauza mphunzitsi ndi makolo ao, iwo nkupsa mtima koposa. Pomaliza adawapempha chinthu chimodzi chokha, kuti amlole kupita nao, ndi kuti asadayambe kuponyana achite chimene iye adzawauza pamalopo. Iwo adavomera.

Atafika kudambo kunja kwa mzinda, aliyense adatola miyala naima patali ndi mnzake. Pamenepo Domenico adalowa pakati pao, natulutsa kamtanda kamene ankavala m'khosi, nakakweza pamwamba. Adawauza kuti ayang'ane Yezu wopachikidwa, amene adafa wosalakwa akukhululukira ompha, ndipo anene poyera kuti iwo, ochimwa, afuna kumchimwira ndi kulipsira. Kenaka adapita kwa amene adakwiya kwambiri, nagwada patsogolo pake, nampempha kuti mwala woyamba augendere pamutu pa iye. Mnyamatayo adanjenjemera, nakana, poti adalibe naye chifukwa. Adapita kwa winayo, nayenso adakana. Tsono Domenico adawafunsa kuti bwanji ali okonzeka kuteteza iye, munthu chabe, koma akulephera kukhululukira chipongwe chimodzi kuti apulumutse mitima yao, imene Ambuye adaiombola ndi magazi. Miyala idagwa pansi. Anyamatawo adayanjana, napita kukalapa. Domenico sadauze munthu. Nkhaniyi idamveka chifukwa eni akewo adaiulula.

Koma ntchito yake yaikulu sidali ya tsiku limodzi lokha. Pa 8 Juni 1856, pamodzi ndi anzake ena, monga Michele Rua, adayambitsa Gulu la Maria Wopanda Tchimo. Mwa zina, aliyense wa m'gululi ankasankha mnyamata mmodzi wovuta kapena wosungulumwa kuti akhale bwenzi lake ndi kumuyang'anira. Domenico mwini ankafunafuna alendo ongofika kumene, odwala, ndi amene anzao ankawasala pamasewera. Wina mwa iwo adali Camillo Gavio, amene adafika ali wofooka ndi matenda, nangoima pambali kupenyerera anzake. Domenico adamuyandikira, nacheza naye, namuuza kuti pamalo pao kuyera mtima kumayamba ndi kukhala wokondwa. Mwana amene ali ndi bwenzi pambali pake savutidwa msanga, ndipo wankhanza amene wapeza womumvetsa amayamba kufewa.

Thanzi lake lidankabe licheperachepera. Pa 1 Malichi 1857 Don Bosco adamtumiza kwao ku Mondonio kuti akapume, ndipo pa 9 Malichi adamwalira mwamtendere, atalandira masakramenti, asadakwanitse zaka 15. Don Bosco adalemba mbiri yake mu 1859. Chaka chomwecho adayambitsa chipani cha Asalesiani, ndipo ambiri mwa oyamba kulowamo adali a m'gulu lija la Domenico. Papa Pius XII adamlengeza Wodala mu 1950, ndipo pa 12 Juni 1954 adamlemba m'gulu la Oyera. Thupi lake lili m'tchalitchi chachikulu cha Maria Mthandizi wa Akhristu ku Turin.

Mu 1877 Don Bosco adalemba kabuku kofotokoza njira yake yolerera ana, imene idatsamira pa zinthu zitatu: nzeru, chipembedzo ndi chikondi. Adaphunzitsa kuti wolera ana azikhala pakati pao, ngakhale pa nthawi ya masewera, kuti choipa chisapeze mpata. Adaletsa kumenya mwana mwa njira ina iliyonse, kumkoka makutu, kapena kumgwaditsa momupweteka. Domenico adakulira m'nyumba yotere. Pajatu mmera mpoyamba: mwana woleredwa ndi ndodo yokhayokha adzaitola ndodoyo tsiku lina nkukamenya nayo wochepa mphamvu.

Tsono inu makolo, muziyang'ana nkhope ya mwana pobwera ku sukulu, ndipo akadandaula mumvereni. Mukamva kuti wanu ndiye wozunza anzake, musamuikire kumbuyo. Inu aphunzitsi ndi akatekisiti, musangokhala m'kalasi, tulukani muone zochitika pabwalo ndi m'nyumba zogonamo, makamaka masabata oyamba pamene ana atsopano afika. Muwauze ana kuti kukanena kwa akulu pamene mnzao ali pangozi si ukazitape, ndipo musawalole kudziponya okha pakati pa zida. Domenico yemwe adayamba ndi mau, makalata ndi chenjezo. Inunso anyamata ndi atsikana, ndeu zambiri zimakula chifukwa cha oonerera amene amasekerera ndi kuchemerera. Mmodzi akakana kuseka, naima pambali pa wonyozedwa, ena amatsata. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Domenico Savio Woyera, mutipempherere ife ndi ana athu.