Mbombwe: Kwawo kwa Mbusa John Chilembwe

Ana a sukulu a kwa Malenga Chanzi amaudziwa mtengo wa mkuyu wa pa Nkhotakota umene umatchedwa ndi dzina la David Livingstone. Koma ndi angati mwa iwo, ngakhale mwa aphunzitsi awo, amene anapondapo pa Mbombwe m'boma la Chiradzulu?

Pamenepo ndi pamene Mbusa John Chilembwe anakhazikitsa mishoni ya Providence Industrial Mission m'chaka cha 1900, atabwerako ku Amereka. Anapita kumeneko mu 1897 pamodzi ndi Joseph Booth, nakaphunzira za ubusa ku Lynchburg, m'dera la Virginia. Atabwerera kwawo anatsegula sukulu zingapo, namanga tchalitchi chachikulu cha njerwa.

Chimene chinamuwawa mtima ndi thangata wa pa esiteti ya Magomero, mwini wake A. L. Bruce, mdzukulu wa Livingstone yemwe uja. Woyang'anira esitetiyo anatentha nyumba zopemphereramo za anthu a Chilembwe. Nkhondo ya Azungu itabuka mu 1914, Mbusayo analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti Aafirika osauka akufera mlandu wa eni.

Sanamumvere. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira atsamunda, ndipo pa 3 Febuluwale iye anawomberedwa cha ku Mulanje. Tchalitchi chija asilikali a boma anachiphwasula. Mishoniyo inakhala yotseka mpaka mu 1926 pamene Dr Daniel Malikebu anaitsegulanso.

Ulendo wochoka ku Nkhotakota ndi wautali, tikudziwa. Komabe akuluakulu a zamaphunziro aulingalire.