Moyo wa Johannes Thienemann ndi Chiyambi cha Ntchito Yoveka Mbalame Mphete

Mawu Oyamba

Mvula ikayamba, m'madambo ndi m'minda ya kuno kwathu mumatera mbalame zina zimene sitiziona m'chilimwe. Imodzi mwa mbalamezi ndi dokowe woyera, wa miyendo yaitali yofiira, mlomo wofiira ndi nthenga zakuda kumapiko. Mbalameyi imayenda pang'onopang'ono m'maudzu n'kumatola ziwala ndi ntchembere zandonda, ndipo dzinja likamatha imasowanso. Lero tikudziwa kuti imakaswa ku Ulaya, komanso tikudziwa njira imene imadzera. Koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ngakhale anthu ophunzira kwambiri ankangoganizira. Nkhani ino ikufotokoza moyo wa Johannes Thienemann, Mjeremani amene adakhala zaka zoposa makumi atatu m'mudzi wa asodzi m'mphepete mwa nyanja ya Baltic, kuveka mbalame timphete kumiyendo pofuna kuti funsoli liyankhidwe ndi umboni wogwirika.

Kubadwa ndi Maphunziro Ake

Johannes Thienemann adabadwa pa 12 Novembala 1863 m'mudzi wa Gangloffsömmern, m'chigawo cha Thuringia ku Germany. Bambo ake, August Wilhelm Thienemann, adali mbusa wa mpingo, ndipo agogo ake aamuna adalinso mbusa. Onse awiri ankadziwikanso pa nkhani ya mbalame: ankaziyang'anitsitsa, kusonkhanitsa mazira ake ndi kulemba zimene apeza. Choncho mnyamatayu adakulira m'nyumba momwe Baibulo ndi mabuku a mbalame zinkakhala pamodzi. Akuluakulu adati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma adatinso mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo mwambi wachiwiriwu ndi umene udapherezera pa iye.

Atatsiriza sukulu adatsata mapazi a makolo ake n'kukaphunzira za umulungu pa mayunivesite a Leipzig ndi Halle. Pambuyo pake adagwirako ntchito ya uphunzitsi. Komabe mtima wake udali ku mbalame. Pa nthawiyo akatswiri ena, monga mbusa Friedrich Lindner, adali atayamba kufalitsa mbiri ya malo ena achilendo ku East Prussia kumene mbalame zimadutsa miyandamiyanda. M'chaka cha 1896 Thienemann adapita kukadzionera yekha, ndipo ulendo umenewu ndiwo udatembenuza moyo wake.

Malo Otchedwa Rossitten

Malowa ndi kamtunda ka mchenga kopyapyala kotchedwa Curonian Spit, kotalika makilomita 98. Mbali imodzi kuli nyanja ya Baltic, mbali inayo kuli nyanja yosaya yotchedwa Curonian Lagoon. Pena m'lifupi mwake ndi mamita 400 okha, ndipo pamene ndi potakata kwambiri sipafika makilomita anayi. Pakati pa zitunda za mchenga padali midzi ingapo ya asodzi, ndipo umodzi mwa midziyi udali Rossitten.

Kufunika kwa malowa kwagona pa khalidwe la mbalame. M'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala, masamba akamayoyoka ndipo chisanu chikamayandikira, mbalame za ku Finland, kumpoto kwa Russia ndi maiko a m'mphepete mwa Baltic zimanyamuka kulowera kummwera chakumadzulo. Mbalame zambiri zapamtunda sizikonda kuuluka pamwamba pa madzi ambiri pomwe palibe potera. Zikafika pamenepa zimatsata kamtunda kaja ngati mlatho, moti gulu limene lidabalalika m'dera lalikulu limathithikana pamalo opapatiza. Munthu woima pachitunda amatha kuziona zikudutsa kuyambira m'mamawa mpaka masana.

Thienemann adaona kuti malo otere safunika mlendo wobwera sabata ziwiri n'kubwerera, koma munthu wokhala pomwepo chaka ndi chaka. Bungwe la akatswiri a mbalame la ku Germany lidavomereza maganizowa pa msonkhano wake wa mu 1900 ku Leipzig, ndipo pa 1 Januwale 1901 malo ofufuzira mbalame a Vogelwarte Rossitten adatsegulidwa, Thienemann ali mkulu wake. Amatengedwa kuti ndiwo malo oyamba a mtunduwu pa dziko lonse. Poona kuti maphunziro ake a zaumulungu sadali okwanira pa ntchitoyi, adalembetsa maphunziro a zinyama pa yunivesite ya Königsberg, nalandira digiri ya udokotala mu 1906. Mu 1910 adapatsidwa ulemu wa upulofesa.

Mphete Zoyamba

Thienemann sindiye adatulukira njira yoveka mbalame mphete. Ulemu umenewu ndi wa Hans Christian Cornelius Mortensen, mphunzitsi wa ku Viborg m'dziko la Denmark, amene mu 1899 adayamba kuveka mbalame timphete ta aluminiyamu tokhala ndi nambala ndi keyala. Nzeru yake ndi yapafupi. Kamphete n'kopepuka moti mbalame siilemedwa, nambala imasiyanitsa mbalame imodzi ndi zinzake zonse, ndipo keyala imauza wotola kumene angatumize uthenga. Woveka amalemba m'kaundula mtundu wa mbalame, tsiku ndi malo. Mbalameyo ikapezeka kwina, yamoyo kapena yakufa, pamapu pamakhala madontho awiri otsimikizika. Madontho akachuluka, njira imaonekera.

Chimene Thienemann adachita ndi kusandutsa nzeruyi kukhala ntchito yaikulu yokhazikika. Adayamba mu 1903, ndipo thandizo adalipeza kwa anthu amene ena akadawanyoza. Asodzi a pa kamtunda kaja adali osauka, nthaka yawo yamchenga siinkabereka mokwanira, choncho nyengo ya kusamuka kwa mbalame ikafika ankatchera akhwangwala ndi maukonde. Ankawapha powaluma pamutu, n'kuthira mchere nyamayo m'migolo kuti idzakhale ndiwo m'nyengo yachisanu. Thienemann ankatenga akhwangwala amoyo kwa asodziwa, kuwaveka mphete ndi kuwaulutsa. Popeza alimi ndi alenje a ku Ulaya ankawombera akhwangwala kwambiri, mphete zidayamba kubwera msanga. Zidasonyeza kuti akhwangwala odutsa pa Rossitten amaswa cha ku Finland ndi kumpoto chakumadzulo kwa Russia, ndipo nyengo yachisanu amakakhala kumpoto kwa Germany, ena mpaka ku France.

Mu 1908 mwini minda wina wokonda mbalame, Ernst Ulmer, adapereka ndalama zomangira kanyumba koonerapo mbalame kummwera kwa mudziwo, pamalo pomwe kamtundako ndi kopapatiza. Kanyumbako kadatchedwa Ulmenhorst. Kumeneko Thienemann ankakhala masabata ambiri akuwerenga mbalame zodutsa. Adayezanso liwiro lake poika anthu awiri motalikirana pa mtunda woyezedwa bwino, olumikizana pa telefoni ndipo ali ndi wotchi. Adapeza kuti khwangwala amauluka pafupifupi makilomita 50 pa ola. Izi zidathandiza kuchotsa maganizo amene adali ofala nthawi imeneyo akuti mbalame zosamuka zimathamanga makilomita mazanamazana pa ola.

Dokowe wa ku Fort Jameson

Mbalame imene idatchukitsa Rossitten ndi dokowe. Anthu a ku Ulaya adali ndi kaumboni kakang'ono kakuti adokowe amafika ku Africa, chifukwa mu 1822 kumpoto kwa Germany kudaphedwa dokowe amene adali ndi muvi wa ku Africa utamubaya pakhosi. Koma muvi sutchula mudzi, tsiku kapena njira. Thienemann adagawa mphete kwa aphunzitsi, osamala nkhalango ndi alimi kuti azikwera pamadenga n'kuveka ana a adokowe akadali m'zisa.

M'chaka cha 1907 mwana wa dokowe adavekedwa mphete ya Rossitten m'chigawo cha Pomerania, pafupi ndi Köslin. Chakumapeto kwa chaka chomwecho mbalameyo idapezeka pafupi ndi Fort Jameson, tauni imene lero ndi Chipata m'dziko la Zambia, kufupi ndi malire a Mchinji. Mtunda wake, pouyeza molunjika, ndi woposa makilomita 7,500, ndipo mbalameyo idali isanakwanitse ndi chaka chomwe. Mphete zina zidabwera kuchokera m'maiko a pakati, ndipo pang'onopang'ono njira idaoneka: adokowe a kummawa kwa Germany amalowera kummwera chakummawa, kudutsa pa Bosporus ku Turkey, kutsika ndi Syria ndi Palestine, kulowa mu Egypt, n'kutsata mtsinje wa Nile kupita kummawa ndi kummwera kwa Africa. Amazungulira chotere chifukwa amadalira mpweya wotentha wokwera kuchokera pamtunda kuti uwanyamule popanda kukupiza mapiko kwambiri, ndipo mpweya wotere supezeka pamwamba pa nyanja ya Mediterranean.

M'zaka za m'ma 1920 Thienemann adafunsa funso lina lozama: kodi mwana wa dokowe amadziwa njira chifukwa chotsatira akuluakulu, kapena amabadwa nayo? Adasunga ana a adokowe mpaka anzawo onse atanyamuka, kenako n'kuwamasula atawaveka mphete. Amene adapezeka adali atalowera chakummwera ndi kummwera chakummawa, ngakhale padalibe wowatsogolera. Zimenezi zidasonyeza kuti mbali ina ya chidziwitsochi ndi yobadwa nayo. Amene adabwera pambuyo pake adapitiriza kafukufukuyu n'kuonetsa kuti kuyenda pagulu nakonso kumathandiza ana kusankha njira.

Otsutsa

Sikuti onse adakondwera ndi ntchitoyi. Olemba otchuka a nkhani zachilengedwe, monga Hermann Löns ndi Kurt Floericke, adaitsutsa kwambiri m'manyuzipepala ndi m'magazini. Floericke adakhalako ku Rossitten Thienemann asanatsegule malo ake. Dandaulo lawo lidali lakuti mphete zimazunza mbalame, komanso kuti anthu adzayamba kupha mbalame dala pofuna kupeza mphetezo. Dandaulo lachiwirili silidali lopanda pake, pakuti zoona zake n'zakuti mphete zambiri za nthawi imeneyo zinkachokera ku mbalame zowomberedwa. Thienemann adayankha ndi zimene adapeza: mbalame zovekedwa zinkauluka maulendo ataliatali, kuswa bwinobwino, ndi kupezeka zili zonenepa patapita zaka. Mkanganowu udatenga zaka zingapo, koma pamene maiko ena monga Hungary mu 1908 ndi Britain mu 1909 adayambitsa ntchito yomweyi, otsutsa adayamba kuchepa. Phindu la mkanganowu ndi lakuti oveka mphete adaphunzira kusamala kukula kwa mphete ndi kagwiridwe ka mbalame, ndipo masiku ano munthu saloledwa kugwira ntchitoyi asanaphunzitsidwe ndi kupatsidwa chilolezo.

Zaka Zomaliza

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndi kugwa kwa ndalama ya Germany zidasautsa malo ofufuzirawa. Mu 1923 bungwe lalikulu la sayansi la Kaiser Wilhelm Society lidawatenga, ndipo ntchito idakhazikikanso. Mu 1927 Thienemann adasindikiza buku lofotokoza zaka makumi atatu zimene adakhala pa kamtundako, lomwe lidawerengedwa ndi anthu wamba ambiri ndi kukopa alendo odzaona malo. Adapuma pa ntchito mu 1929, ndipo Ernst Schüz ndiye adapitiriza kuyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku. Thienemann sadabwerere kwawo ku Thuringia. Adakhalabe ku Rossitten mpaka pamene adamwalira pa 12 Epulo 1938, ali ndi zaka 74, ndipo adaikidwa komweko.

Patangopita zaka zisanu ndi chimodzi, mu 1944, nkhondo yachiwiri idatseketsa malowo. Nkhondo itatha dera lonselo lidakhala m'manja mwa Soviet Union, anthu achijeremani adachoka, ndipo Rossitten adatchedwa Rybachy. Koma ntchito siidafe. Mu 1946 Ajeremani adaiyambiranso ku Radolfzell, kufupi ndi nyanja ya Constance. Mu 1956 akatswiri a ku Leningrad, motsogozedwa ndi Lev Belopolsky, adatsegula malo ofufuzira mbalame m'mudzi womwewo wa Rybachy, ndipo adapanga misampha ikuluikulu ya ukonde, yokhala ngati mono wa nsomba, imene yathandiza kuveka mphete mbalame mamiliyoni. Mbali ya kamtundako ya ku Russia idakhala malo otetezedwa mu 1987, ndipo mu 2000 bungwe la UNESCO lidaika kamtunda konse, kuphatikizapo mbali ya Lithuania, pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse.

Mawu Omaliza

Thienemann sadatulukire chipangizo chodabwitsa, ndipo nzeru ya mphete adaitenga kwa mnzake wa ku Denmark. Mphamvu yake idali kupirira pamalo amodzi, kusunga kaundula mosamala, ndi kukhulupirira kuti anthu osawadziwa, a zinenero zina, adzatola kamphete n'kutumiza uthenga. Popanda msodzi wa ku Rossitten, mphunzitsi wokwera padenga ku Pomerania ndi munthu amene adaona nambala pamwendo wa dokowe ku Fort Jameson, iye yekha sakadadziwa kanthu. Mutu umodzi susenza denga. Masiku ano akatswiri amamangirira adokowe timakina totumiza uthenga wa komwe ali tsiku lililonse, koma mphete ikugwirabe ntchito chifukwa ndi yotsika mtengo ndipo imakhalitsa. Zimene adayambitsa zidatiphunzitsanso kuti dambo likauma kuno kapena mankhwala ophera tizilombo akachuluka m'minda yathu, chisa china ku Poland chikhoza kukhala chopanda mwini chaka chotsatira. Choncho amene angapeze mbalame ya mphete kumwendo, alembe nambala, tsiku ndi malo, n'kutumiza ku keyala yolembedwa pa mpheteyo, pakuti kwinakwake kuli kaundula amene akudikira uthenga umenewo.