Buffon: Katswiri amene anayatsa moto ndi magalasi m'munda wa mfumu

Masana a pa 10 Epulo 1747, thabwa lopakidwa phula linagwira moto m'munda wa mfumu ya dziko la France mumzinda wa Paris. Palibe amene analiyandikira ndi muuni kapena khala lamoto. Amene analiyatsa anali ataima pamtunda wa mamita pafupifupi 50, pambali pa chimango chachikulu chomwe anamangirirapo magalasi odziyang'anira, ndipo magalasi 128 mwa iwo anali atalozetsa kuwala kwa dzuwa pamalo amodzi a thabwalo. Munthuyo anali Georges-Louis Leclerc, amene dziko limamudziwa ndi dzina loti Buffon.

Masiku ano anthu ena amaika magalasi pamakoma a mipanda ndi m'minda yamaluwa pofuna kukongoletsa pakhomo, ndipo funso loti kaya galasi lotere lingabutse moto limabwera kawirikawiri. Mbali yaikulu ya yankho lake inapezeka m'munda wa ku Paris uja, m'manja mwa munthu amene sankakhutira ndi mawu a akatswiri otchuka mpaka atayesa yekha.

Mwana wa ku Montbard

Buffon anabadwa pa 7 Sepitembala 1707 m'tauni ya Montbard, m'chigawo cha Burgundy. Bambo ake, a Benjamin Leclerc, ankagwira ntchito yotolera msonkho wa mchere. Banjali linatukuka pomwe mayi ake, a Anne-Christine Marlin, analandira chuma chamasiye cha mbale wawo wolemera. Ndi chumacho bambo ake anagula malo aakulu, kuphatikizapo mudzi wa Buffon, womwe pambuyo pake mwanayo anatengerako dzina.

Anaphunzira pasukulu ya ansembe a chipani cha Jesuit mumzinda wa Dijon, kenaka anachita maphunziro a zamalamulo monga momwe banja lake linkafunira. Koma mtima wake unali pa masamu. Anapita ku Angers komwe anayamba kuphunzira za mankhwala ndi zomera, koma m'chaka cha 1730 anachokako mwaliwiro atalowa m'ndewu ya malupanga. Anayenda kummwera kwa France ndi ku Italy limodzi ndi mnyamata wina wolemera wa ku England, Duke of Kingston, ndipo atabwerera anakhazikika pa sayansi.

M'chaka cha 1734 analandiridwa m'bungwe la akatswiri a sayansi la Académie des sciences. Ntchito imene inayamba kumutchukitsa inali yooneka wamba: kuyesa kulimba kwa matabwa opangira zombo zankhondo. M'nkhalango zake za ku Montbard ankadula mitengo, kuicheka, n'kuisenzetsa katundu wolemera mpaka ithyoke, uku akulemba zonse zimene ankaona. Khalidwe limeneli, loyesa chinthu pamlingo wake weniweni osati kungochiwerengera papepala, anakhala nalo moyo wake wonse. Mu 1739, ali ndi zaka 31, anasankhidwa kukhala woyang'anira Jardin du Roi, kutanthauza Munda wa Mfumu, malo osungirako ndi kuphunzirirako zomera ku Paris.

Nthano ya Archimedes

Panthawiyo panali nkhani yakale imene inkagawanitsa anthu ophunzira. Nkhaniyo imati asilikali a Roma atazinga mzinda wa Syracuse pachilumba cha Sicily, womwe unagwa m'chaka cha 212 Yesu asanabadwe, katswiri wa masamu Archimedes anatentha zombo zawo pogwiritsa ntchito magalasi ndi dzuwa. Olemba mbiri akale amene anafotokoza bwino za nkhondoyo, monga Polybius, Livy ndi Plutarch, satchulapo za magalasi. Nkhani ya magalasiyo inayamba kumveka patadutsa zaka mazana angapo.

René Descartes, katswiri wolemekezeka kwambiri wa ku France, anali ataweruza kale mu 1637 kuti zimenezi sizikanatheka. Maganizo ake anali ndi maziko. Galasi lolowa mkati ngati mbale limasonkhanitsa kuwala pamalo amodzi, koma malowo amakhala pafupi ndi galasilo. Kuti liwotche chinthu chakutali, liyenera kukhala lalikulu koopsa, ndipo panalibe mmisiri amene akanatha kulisula. Ambiri anavomereza chigamulo cha Descartes n'kuiika nkhaniyo m'gulu la nthano.

Buffon anaiyamba nkhaniyo kumbali ina. Choyamba anayeza kuchuluka kwa kuwala komwe kumatayika dzuwa likaomba pagalasi n'kubwerera, ndipo anapeza kuti pafupifupi theka limatayika, koma kuwala kotsalako sikuchepa kwenikweni poyenda mumpweya mamita makumi angapo. Anazindikiranso kuti malo otakata akatenthedwa amagwira moto msanga kusiyana ndi kadontho kakang'ono, chifukwa kutentha kwa pakadontho kumamwazikira m'mbali mwamsanga. Pamenepo anaona kuti sankafunikira galasi limodzi lalikulu lopindika. Ankafunikira magalasi ang'onoang'ono ambiri athyathyathya, lililonse lotha kutembenuzidwa palokha, kuti onse aponye kuwala kwawo pamalo amodzi.

Anakonzetsa chimango chonyamula magalasi 168, lililonse lotalika masentimita pafupifupi 22 ndi 16 m'lifupi. Pa 23 Malichi 1747, ndi magalasi 40 okha, anayatsa thabwa lopakidwa phula pamtunda wa mamita pafupifupi 21. M'masabata otsatira anapitiriza kuwonjezera magalasi ndi mtunda, masiku ena mitambo n'kumulepheretsa, mpaka tsiku lija la pa 10 Epulo. Atasendeza zinthu pafupi, kutentha kwake kunafika posungunula zitsulo monga mtovu ndi siliva. Mbiri ya zimene anachitazi inafalikira m'maiko a ku Ulaya, ndipo dzina lake linadziwika ngakhale kwa anthu amene sankawerenga mabuku a sayansi.

Komabe zimene anatsimikiza zinali ndi malire. Anaonetsa kuti magalasi angathe kuyatsa mtengo patali, koma izi sizitanthauza kuti Archimedes anachitadi zimenezo. Kulozetsa magalasi onse pamalo amodzi kunkamutengera pafupifupi theka la ola, thambo linkayenera kukhala loyera, ndipo thabwa lake linali louma komanso losasuntha. Chombo cha adani chimakhala chonyowa, chimayendayenda pamafunde ndipo sichidikira munthu.

Phunziro kwa wokongoletsa pakhomo

Kuvutikira kumene Buffon anakumana nako ndiko kumayankha funso la magalasi a m'minda yamaluwa. Galasi limodzi lathyathyathya silisonkhanitsa kuwala. Limangokubweza, ndipo kuwala kobwererako kumakhala kofooka kuposa dzuwa lenilenilo. Likhoza kuthobwa munthu m'maso kapena kufotetsa duwa lomwe likuombedwa kale ndi dzuwa, koma palokha siliyatsa moto. N'chifukwa chake Buffon anafunikira magalasi makumi anayi olunjika pamodzi kuti thabwa la phula liyake. Galasi lotukukira kunja ngati msana wa supuni, longa lija limaikidwa pamakona a misewu, limamwaza kuwala ndipo chiopsezo chake n'chochepa kwambiri.

Choopsa ndi galasi lolowa mkati, monga lija lokulitsa nkhope lomwe anthu amametera ndevu kapena kudzolera. Galasi lotere lili ngati magalasi ambirimbiri a Buffon ataumbidwa kukhala limodzi, ndipo kadontho kake kowala kakagwera pansalu, papepala kapena paudzu wouma, utsi suchedwa kufuka. Galasi lapulasitiki lopyapyala, lomwe ambiri amalikonda panja chifukwa silisweka, likhoza kupindika ndi kutentha kapena ndi misomali yomangira n'kuyamba kusonkhanitsa kuwala ngati mbale. Mipira yagalasi yokongoletsera ndi mabotolo odzaza madzi nazo zimasonkhanitsa kuwala komwe kwadutsa mkati mwake. Popeza dzuwa limasuntha tsiku lonse ndiponso njira yake imasintha ndi nyengo, malo amene anali otetezeka mu Juni akhoza kukhala pangozi mu Okutobala, udzu utauma. Nzeru yake ndi kusankha galasi lathyathyathya, kulimangirira pathabwa lolimba, kuliika pamthunzi, ndi kuonetsetsa komwe kuwala kwake kukugwera m'mawa, masana ndi madzulo.

Ntchito ya moyo wonse

Magalasi anali chigawo chochepa chabe cha ntchito za Buffon. Mu 1749 anatulutsa mabuku atatu oyamba a Histoire naturelle, ntchito yofotokoza za dziko lapansi, anthu, nyama, mbalame ndi miyala, yomwe inafika mabuku 36. Anathandizidwa ndi akatswiri ena, makamaka Louis Daubenton, mnzake wa ku Montbard yemwe ankafufuza matupi a nyama. Mabukuwa anawerengedwa kwambiri ku Ulaya konse, ndipo luso lake la kalembedwe linamulowetsa m'bungwe la Académie française mu 1753. Mbali yaikulu ya chaka ankakhala ku Montbard akulemba. Podziwa kuti anali wokonda tulo, ankalipira wantchito wake Joseph kuti azimudzutsa m'mamawa, ngakhale mokakamiza.

Maganizo ake pa chiyambi cha dziko anakwiyitsa akatswiri a zaumulungu a ku Sorbonne. Mu 1751 anamulembera mfundo zomwe ankati zikutsutsana ndi chiphunzitso cha mpingo. Buffon anavomera kusindikiza mawu ogonja, koma kafukufuku wake sanamusiye. Atamanga malo osulira zitsulo pafupi ndi mudzi wa Buffon mu 1768, ankatenthetsa mipira yachitsulo ya misinkhu yosiyanasiyana mpaka kufiira, n'kumayeza nthawi imene inkatenga kuti izizire. Poyerekeza ndi kukula kwa dziko, anawerengera kuti dziko lapansi lili ndi zaka pafupifupi 75,000, pomwe ambiri panthawiyo ankakhulupirira kuti lili ndi zaka pafupifupi 6,000. Chiwerengero chakecho chinali chochepa kwambiri poyerekeza ndi zaka mabiliyoni anayi ndi theka zomwe asayansi amanena lero, koma iye anali m'gulu la anthu oyambirira kufunafuna yankholo poyesa.

Pomwe anasiya njira yake yoyesa, anaphonya. Asanapondeko ku America, analemba kuti nyama za kumeneko n'zazing'ono ndi zofooka chifukwa cha nyengo yozizira ndi yachinyezi. Thomas Jefferson, yemwe panthawiyo anali kazembe wa United States ku Paris, anakhumudwa mpaka anaitanitsa chikopa ndi mafupa a nyama yaikulu yotchedwa moose kuti amuonetse kulakwa kwake.

Pabanja sanakhale ndi mwayi wautali. Anakwatira Marie-Françoise de Saint-Belin-Malain mu 1752, ndipo mkaziyo anamwalira mu 1769, kumusiyira mwana wamwamuna wazaka pafupifupi zisanu. Mfumu Louis XV inamupatsa ulemu wa unduna wotchedwa comte. M'zaka zake zomaliza anavutika ndi miyala ya m'chikhodzodzo, ndipo anamwalira ku Paris pa 16 Epulo 1788 ali ndi zaka 80. Chaka chotsatira anthu a ku France anaukira ufumu. Manda ake anaphwanyidwa, ndipo mwana wake yekhayo anadulidwa mutu mu 1794.

Munda umene anauyang'anira kwa zaka pafupifupi 50 ndi kuukulitsa ulipobe, ndipo lero umatchedwa Jardin des Plantes. Nzeru ya magalasi ambiri olozera pamodzi ndi imene imagwira ntchito pang'anjo ya dzuwa ya ku Odeillo ku France, ndiponso pamalo opangira magetsi a Khi Solar One pafupi ndi Upington ku South Africa, pomwe magalasi zikwi zingapo amaponya kuwala pansanja imodzi. Nzeru yomweyo ikaiwalika imaluma: mu 2013, khoma lagalasi lolowa mkati la nyumba yosanja ya 20 Fenchurch Street ku London linasonkhanitsa dzuwa mumsewu mpaka kusungunula zigawo za galimoto yomwe inaimikidwa pamenepo. Amisiri anachita kuika zotchinga pakhomalo kuti vutolo lithe.